Alamu ya wayalesi ikungolira yokha usiku, thandizeni akuluakulu

Wa ku Area 25: Mabwana mwaswera bwanji, ndapanikizika kuno. Ndinaika alamu ya wayalesi (yopanda mawaya) kwa kasitomala ku Area 49, ija ya 433MHz yolowa SIM, ma PIR (masensa ogwira munthu akamayenda) awiri ndi masensa a pachitseko atatu. Masana ili bhobho koma ikumangolira yokha cha m'ma 2 koloko usiku, maneba atopa nayo ndipo madamu akuti ndikazule zinthu zangazo ndibweze ndalama, nditani?

Mdala wa Ndirande: Ikulira zoni iti? Osangoti ikulira ayi mphwanga, lowani mu history pa panelo (bokosi loyendetsa alamu yonse), imalemba sensa yomwe yayambitsa

Wa ku Area 25: Zoni 2 mdala, chitseko cha kukhitchini. Kamodzi kokha inalemba zoni 4, PIR ya pabalaza

Mdala wa Ndirande: Chitseko chimenecho nchachitsulo eti?

Wa ku Area 25: Eya chowotcherera, felemu yakenso yachitsulo

Mdala wa Ndirande: Ndiye nkhani ndi imeneyo. Maginito mukaimata pachitsulo penipeni chitsulocho chimaba mphamvu yake, ndiye ka reed switch (kaswichi kogwira ndi mphamvu ya maginito) kali mkati mwa sensa kamangogwira mwa apo ndi apo, usiku mphepo ikangogwedeza chitseko pang'ono basi kamasiya, panelo nkumaona ngati wina watsegula. Dulani kapulasitiki kapena kathabwa kokhuthala ngati 1cm muike pansi pa maginito ndi pansi pa sensa yomwe, mpata pakati pa ziwirizo usapose 1cm chitseko chikatsekedwa. Ndipo ka tepi komata mbali ziwiri kobwera mu bokosi kaja katayeni, kutentha kwa Okutobala kamafewa sensa nkuyamba kutsetsereka, boolani mumange ndi ma sikuluu

Achemwali a ku Mzuzu: Muyezenso batire ndi mita. Masensa ambiri otchipawa amadya kabatire ka mtundu wa 23A ka 12V kaja, ndipo obwera nawo mu bokosi sudziwa akhala zaka zingati mu shopu, kukazizira usiku voteji imatsika sensa nkumachita zamisala. Za zoni 4 zo, PIR yayang'ana kuti?

Wa ku Area 25: Yayang'ana kuwindo lalikulu achemwali, ndimafuna igwire wolowera pamenepo

Achemwali a ku Mzuzu: Iii ayi itembenuzeni. PIR imaona kutentha koyenda, ndiye keteni yotenthedwa ndi dzuwa ikamakupiza ndi fani kwa iyo ndi munthu ameneyo. Ikani pakona mamita 2.1 kuchoka pansi, munthu azidutsa moipingasa osati kubwera molunjika, imagwira bwino choncho. Muitsegulenso muone mkati, akangaude amakonda kumanga mmenemo, nalimata naye akadutsa pa lens penipeni imalira ndithu. Kabowo kakumbuyo mutseke ndi silikoni

Wa ku Joni: Koma mwafunsa ngati 2 koloko yo si nthawi yomwe magetsi amabwerera? Kuno nthawi ya load shedding tinkaziona, ka batire ka mu panelo kamangokhala maola ochepa, kakatha panelo imazima ndiye magetsi akabwera imadzuka ndi phokoso

Mdala wa Ndirande: Akanakhala magetsi ikanalemba AC fail osati zoni 2 bwana. Koma ka UPS (kosunga moto magetsi akazima) kakang'ono kapena kulumikiza ku batire ya sola muwauze madamuwo, alamu yozima limodzi ndi magetsi akuba amaikonda

Wa ku Area 25: Ndabwerako akuluakulu. Chitsekocho chimasewera, ukachikankha chili chokhoma mpata umafika pafupifupi 2cm, ndaika timathabwa, ndasendeza sensa kufupi ndipo wowotcherera wakonza pokhomera kuti chizigwira. Batire ndasintha, PIR ili pakona. Usiku wathawu yagona phee. Chatsala nchakuti ndikaiyesa sayirini ikulira koma SMS sikufika pa foni ya madamu

Achemwali a ku Mzuzu: Chotsani SIM muike mu foni yanu, muzimitse PIN, muone ngati muli ma units enieni chifukwa bandulo ya data situmiza SMS. Nambala ya madamu mulembe ndi +265 kutsogolo, 0 muchotse

Wa ku Joni: Ikakana muyese laini ina, TNM kapena Airtel, yomwe ikukoka bwino pakhoma pali panelopo. Ma alamu ambiri otere ndi a 2G basi, foni yanu kuonetsa 4G yodzadza sikutanthauza kanthu

Wa ku Area 25: Inali PIN, yafika tsopano. Mdala ulendo wachiwiriwu ndiwatchaje transipoti kapena ndingozisiya?

Mdala wa Ndirande: Ya batire ndi ya wowotcherera alipire, transipoti mudye nokha