Mlomo wa tambala wanga wakula n'kupindika, ndiudule kapena ndiusiye?

Membala wobisa dzina: Admin ndibiseni dzina, aneba anga ali pagulu pompano.

Alimi anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndimakhala ku Area 25 m'nyumba ya lendi, ndipo ndili ndi nkhuku zachikuda 11, mathadzi 9 ndi atambala awiri. Tambala wamkuluyo anandipatsa ndi amayi anga ku Mitundu chaka chatha. Kumudziko ankangodziyendera, kupalasa kudzala tsiku lonse. Kuno alandilodi anakwiya nkhuku zitawathera mpiru kuseri kwa nyumba, ndiye kuyambira Epulo zonse zili m'khola la simenti pansi. Chakudya ndi madeya onyowetsa m'beseni la pulasitiki, mwina ndi mkute.

Tsopano mlomo wake wapamwamba watalika kupitirira wapansi, wapindikira pansi ngati wa kabawi. Ndikamwaza chimanga amajompha ndithu koma njere imangothawa, mathadzi n'kutola. Wawonda, pachifuwa pangotsala fupa. Sakutsegula m'mimba, sakuwodzera, khosi lili bwinobwino.

China chondidabwitsa: kale woyamba kulira m'bandakucha anali iyeyu, wamng'onoyo n'kumayankha pambuyo. Masabata awiri ano akuyamba ndi wamng'ono. Kodi zimenezi n'zogwirizana ndi mlomowu?

Aneba akuti ndiwotche mpeni ndidule monga amachitira kumafamu a nkhuku za mazira. Mayi a kunyumba akuti tingomuika pa mbale Lamulungu. Ine mbewu yake ndikuifunabe, anapiye ake amakula msanga.

Wa ku Kawale: Mayi a kunyumbawo ali ndi nzeru. Tomato, anyezi, basi nkhani yatha. Mutiitane.

Mayi wa ku Area 36: Si chitopa chimenecho? Samalani, mwezi uno zikutha nkhuku.

Woweta nkhuku ku Likuni: Chitopa sichitalikitsa mlomo amayi. Chikanakhala chitopa bwenzi khola lonse litagona kale, zina makosi atapindika. Koma achimwene, ngati simunatemere, kaguleni katemera wa I-2 wodontheza m'diso uja. Imeneyo ndi nkhani ina, osati ya mlomoyi.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito: Bambo, mpeniwo muubwezere kukhitchini kaye, ndikufotokozereni.

Mlomo wa mbalame mkati mwake muli fupa. Pamwamba pa fupalo pali kamnofu kopyapyala kokhala ndi magazi ndi mitsempha, ndipo kunja kwenikweniko ndi chikamba cholimba cha keratin, zomwezo zimene zimapanga zikhadabo zanu ndi nyanga ya ng'ombe. Chikamba chimenechi sichisiya kukula mpaka nkhuku kufa. Nkhuku yakumudzi simungaione mlomo utatalika chifukwa tsiku lonse ikujompha dothi louma ndi timiyala, ndipo ikatha kudya imapukuta mlomo pansi uku ndi uku. Kupukuta kuja si ukhondo wokha, ndi kunola. Inu mwamuchotsa pa dothi, mwamuika pa simenti yosalala, chakudya chofewa, mbale yofewa. Mlomo ukukula koma palibe choupala.

Kunsonga kwenikweni, kumene kumaoneka koyererako, kulibe magazi. Mukalowa mkati pang'ono mwafika pamoyo, magazi amatuluka ambiri ndipo ululu wake ndi waukulu. Dziwaninso kuti nkhuku imamva ndi nsonga ya mlomo monga inu mumamvera ndi chala, ndi mmene imasiyanitsira njere ndi mwala. Kumafamu amadula anapiye adakali a masiku ochepa, ndi makina, pofuna kuti zisajomphane zikakhala zambiri malo amodzi. Tambala wamkulu ndi mpeni wapamoto, mukhoza kumulemaza osadyanso.

Chitani chonchi. Mumugwire madzulo atalowa kale, mumukulunge m'chitenje mapiko ndi miyendo, wina amugwire mutu. Tengani tupa yosalala kapena sandipepa, muzipala kunsonga pang'onopang'ono. Lero pang'ono, pakatha masiku angapo pang'ononso. Musafune kuti ufanane ndendende ndi wapansi, mlomo wapamwamba mwachibadwa umaposa wapansi pang'ono. Magazi akaoneka siyani pomwepo, kanikizani ndi ufa woyera.

Membala wobisa dzina: Zikomo kwambiri bambo. Nanga chowengera zikhadabo chija sichingathandize? Tupa ndilibe.

Mlangizi wa ziweto wopuma pantchito: Chingathandize ngati muchotsa kansonga kochepa kwambiri, koma pa mlomo wokhuthala chimang'alula chikamba, mng'aluwo n'kukwera m'mwamba. Sandipepa ndi wotchipa, hadiweya iliyonse ya ku Nsungwi mumupeza. Ndipo musanayambe, muyang'ane ali chokuyang'anani. Ngati milomo iwiriyo yasemphana, wina kumanja wina kumanzere ngati sizasi, limenelo ndi vuto lina. Kawirikawiri amabadwa nalo kapena anavulala, silitheratu, ndipo tambala wotero ine sindingamusunge wa mbewu.

Mtsikana wa ku Bunda: Ndiwonjezereko pa funso la kulira lija, palibe waliyankha. Tambala sadikira kuona dzuwa, ali ndi wotchi yake m'thupi. Akatswiri a ku Nagoya University ku Japan anaika atambala m'chipinda chowala pang'ono usana ndi usiku, ndipo analirabe pa nthawi yawo. Mu 2015 omwewo anapezanso kuti m'gulu woyamba kulira m'mawa ndi tambala wolamulira, enawo amatsatira malinga ndi ukulu wawo. Ndiye ngati wamng'ono wayamba kutsogola, ufumu wasintha m'kholamo. Wamkuluyo ndi njala yakeyo wagonja. Muonetsetse, mwina akumuthamangitsanso pa beseni.

Wa ku Kawale: Eee, mpaka kulanda boma m'khola.

Agogo a ku Chinsapo: Mwana wanga, ife tinakula ndi nkhuku osapala mlomo ngakhale tsiku limodzi. Nkhuku ilibe mano, mano ake ndi timiyala ta mu nthutumba. Mukapha ya kumudzi mumatipeza timeneti. Zanuzo pa simenti zikutitenga kuti? Thirani mchenga wa kudambo ndi dothi pakona ya khola, ikaniponso njerwa yootcha. Madeya okha si chakudya, perekani masamba, chiswe, ndi fumbi la usipa.

Woweta nkhuku ku Likuni: Agogo anena zoona. Pakadali pano mumupatule, mumupatse chakudya m'chitini chakuya kuti azitapa, poti kutola pansi kukumukanika. Atambala awiri pa mathadzi 9 m'khola lotseka achulukanso, mmodzi akukwanira.

Membala wobisa dzina: Ndabwera kukhola kuja. Milomo sinasemphane, yangotalika wapamwamba basi. Koma achemwali a ku Bunda mwalasa, ndaima pamenepo mphindi khumi, wamng'ono wamuthamangitsa pa beseni kawiri. Ndamuika m'dengu payekha ndi madeya m'chitini cha Blue Band, wadya ngati wachokera kundende. Sandipepa ndigula mawa pochokera kuntchito. Funso lina: mchenga womangira nyumba uli panja pa alandilodiwu ungachite, kapena mpaka wa kudambo?

Agogo a ku Chinsapo: Ngati sunasakanizidwe ndi simenti ungachite, bola ukhale wa timiyala. Koma mupemphe kaye, mungayambenso mlandu wina ngati wa mpiru uja.