Samusa ndi chakudya chathu kapena cha amwenye?

Wa ku Ndirande:
Abale tandithandizeni, dzulo tatsutsana ndi alamu anga mpaka tiyi kuzizira. Iwo akuti samusa ndi zachimalawi poti akula akudya zomwezo, ine ndikuti anabwera nazo amwenye a mashopu a mu Limbe. Nanga chathuchathu n'chiti?

Mphunzitsi wopuma:
Mwalondola achimwene, samusa ndi chapati ndi za amwenye. Koma mukayamba kupeta chonchi mulichero simutsala kanthu, chimanga chomwe timachinyadirachi kwawo ndi ku America, ku Africa kuno chinafika ndi Apwitikizi, chinangwa ndi mtedza chimodzimodzi. Makolo akale nsima ankaphika ya mapira ndi mawere.

Nachisale:
Eee ndiye kondowole nayenso ndi mlendo? Kkkk a ku Nkhata Bay asamve zimenezi, pavuta pano.

Mayi awiri Chilomoni:
Zathu zilipo inu, nzama, khobwe, luni, denje, ngumbi mvula ikagwa, thobwa la mawere. Kungoti ana anga ndikaphika denje amachita tsinya, akufuna tchipisi cha pa chiwaya. Koma alamu anuwo musawanyoze, samusa ya mbatatesi yomwe amagulitsa mu ndowa pa Wenela ija ndi ya amayi athu omwewa, ndipo ine sindiyisiya.