Maunduna asanu amene Scott Morrison anatenga mobisa: kodi malamulo analola bwanji?

Mphunzitsi wa ku Zomba:

Ndakhala ndikuwerenga nkhani ya a Scott Morrison, amene anali nduna yaikulu ya dziko la Australia kuyambira 2018 mpaka 2022, ndipo pali chimene chandiimitsa mutu. Pakati pa Malichi 2020 ndi Meyi 2021, iwo anasankhidwa mwakachetechete kuti aziyang'aniranso maunduna asanu, omwe ndi wa zaumoyo, awiri oona za chuma cha boma, wa zam'dziko komanso wa zamafakitale ndi migodi. Nduna zimene zinali kale m'maundunawo sizinachotsedwe, ndipo zina mwa izo, monga a Josh Frydenberg ndi mayi Karen Andrews, zinamva nkhaniyi mu Ogasiti 2022, boma litasintha kale. Nanga zingatheke bwanji kuti zimenezi zikhale zosaphwanya lamulo?

Mlembi wa pa khothi:

Aphunzitsi, yankho lagona pa gawo 64 la malamulo aakulu a dzikolo. Gawoli limapereka mphamvu yosankha oyang'anira maunduna kwa Governor-General, amene amaimira mfumu, ndipo mwamwambo iye amangotsatira malangizo a nduna yaikulu. N'chifukwa chake a David Hurley, amene anali Governor-General panthawiyo, anasaina zikalata zosankha a Morrison. Gawolo silinena paliponse kuti unduna umodzi uzikhala ndi nduna imodzi yokha, komanso silinena kuti munthu akasankhidwa, dziko liuzidwe. Kulengeza kunali chizolowezi chabe chimene aliyense ankachiyesa chosagwedezeka.

Mlangizi wa boma pa zamalamulo panthawiyo, a Stephen Donaghue, atafunsidwa za unduna wa migodi, anati kusankhidwako kunali kovomerezeka, koma anaonjezera kuti chinsinsicho chinasokoneza maziko a ulamuliro umene nduna imayenera kuyankha mafunso a aphungu pa zonse zimene yachita. Apa m'pamene ine ndikuona vuto lenileni. Phungu amene akufuna kudziwa chifukwa chimene unduna wagamulira nkhani inayake amadzuka n'kufunsa nduna imene akuidziwa, ndipo ngati mphamvuyo ili ndi munthu wina amene sanatchulidwe, funsolo lapita kwa munthu wolakwika ndipo mwini nkhani sayankha kanthu.

Namwino wa ku Mzuzu:

Ndikugwirizana nanu alembi, koma tisaiwale nyengo imene zinayambira. Mu Malichi 2020 mliri wa COVID-19 unali utangofika, ndipo lamulo la mu 2015 loteteza dzikolo ku matenda linkapatsa nduna ya zaumoyo mphamvu zoopsa zedi, zoti ikhoza kuletsa anthu kuyenda popanda aphungu kufafaniza chigamulocho. Kufuna kuti mphamvu zotere zisakhale m'manja mwa munthu mmodzi, amenenso akanatha kudwala, sikunali kulakwa, ndipo nduna ya zaumoyo, a Greg Hunt, inkadziwa. Kwathu kunonso a Kamuzu Banda ndi a Bingu wa Mutharika anakhalapo akuyang'anira okha unduna wa zaulimi, ngakhale kuti iwo ankachita zimenezi poyera.

Mlembi wa pa khothi:

Anamwino, mawu anu omalizawo ndi amene akulekanitsa nkhani ziwirizi, chifukwa mlimi aliyense ankadziwa woyenera kumudandaulira feteleza akasowa. Komanso mliri sungatetezere maunduna ena aja. Mu 2021 a Morrison anagwiritsa ntchito mphamvu za unduna wa migodi pokana chilolezo cha PEP-11 chofufuzira gasi m'nyanja kufupi ndi gombe la New South Wales, pamene nduna ya undunawo, a Keith Pitt, inkafuna kuti ntchitoyo ipitirire. Nkhani ya gasi sinkakhudzana konse ndi matenda. Kampani yokhudzidwayo inapita kukhothi, ndipo chigamulocho chinathetsedwa mu 2023.

Wophunzira zamalamulo ku Blantyre:

Ndingoonjezera zimene zinatsatira. Boma la a Anthony Albanese, amene analowa m'malo mwa a Morrison, linapempha mayi Virginia Bell, amene kale anali woweruza m'khothi lalikulu kwambiri la dzikolo, kuti afufuze, ndipo lipoti lawo la mu Novembala 2022 linati kubisako kunachepetsa chikhulupiriro cha anthu pa boma. Pa 30 Novembala chaka chomwecho, aphungu 86 anavomereza kudzudzula a Morrison pamene 50 anakana, ndipo aka kanali koyamba kuti munthu amene anakhalapo nduna yaikulu adzudzulidwe motero m'nyumba ya malamulo. Mu 2023 anakhazikitsa lamulo lokakamiza kuti nduna iliyonse ikasankhidwa, nkhaniyo izilengezedwa.

Chimene chikundivutabe ndi mbali ya a Hurley. Lipotilo silinawapeze olakwa, poti iwo ankatsatira malangizo monga mwambo umafunira, koma ine ndikuona kuti munthu amene wasaina zikalata zotere kangapo, n'kuona kuti palibe chimene chalengezedwa, anayenera kufunsa nduna yaikuluyo chifukwa chake. Alembi, kodi mwambowo umaletsa ngakhale kufunsa kumene?