Mafupa anga ayamba kufooka: kashiamu yekha angakwanire?

Nangondo: Ndili ndi zaka 53 ndipo ndinasiya kusamba zaka zitatu zapitazo. Nditapita kukacheza kwa mwana wanga ku Johannesburg, anandipititsa kukayezetsa mafupa pa makina a DEXA, ndipo zotsatira zinatuluka -2.1. Adokotala anati ndiyambe kumwa kashiamu ndi vitamini D, komanso ndiganizire za mankhwala a mahomoni, chifukwa usiku thupi limanditentha mpaka thukuta kunyowetsa zofunda. Mahomoniwo ndikuwaopa. Kodi kashiamu yekha sangakwanire?

Namwino wopuma: Mayi, nambala yanuyo ikusonyeza kuti mafupa ayamba kupepuka koma sanafike pa matenda enieni a kufooka kwa mafupa, omwe amayambira pa -2.5. Chimene chawafooketsa ndi kuchepa kwa mahomoni achikazi otchedwa esitirojeni m'thupi mutasiya kusamba, ndipo kashiamu sangabwezeretse mahomoni amenewa, amangopatsa thupi zomangira. Mantha anu ali ndi maziko: kafukufuku wa Women's Health Initiative ku America anapeza mu 2002 kuti mahomoniwa amachepetsa kuthyoka kwa mafupa a m'chiuno, koma amawonjezera pang'ono chiopsezo cha khansa ya m'mawere, sitiroko ndi kuundana kwa magazi. Komabe ambiri mwa amayi a m'kafukufukuyo anali atapitirira zaka 60, ndipo kwa mayi wa msinkhu wanu amene akuvutika ndi kutentha thupi, ine ndimaona kuti phindu lake nthawi zambiri limaposa chiopsezocho. Ngati chiberekero chanu chilipo, esitirojeni ayenera kuperekedwa pamodzi ndi mahomoni ena otchedwa projesiteroni, apo ayi mkati mwa chiberekero mungayambe khansa.

Nachisale: Musanathamangire mapilitsi, yang'anani m'mbale mwanu. Usipa, matemba ndi bonya timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiamu ali m'mingamo. Chambiko ndi bonongwe nazonso zimathandiza, pomwe vitamini D thupi limapanga lokha tikaotha dzuwa.

Namwino wopuma: Ndionjezepo chimodzi. Amene amamwa ma ARV okhala ndi dolutegravir asamamwe kashiamu nthawi imodzi ndi mankhwalawo pamimba popanda kanthu, chifukwa kashiamu amalepheretsa mankhwalawo kulowa bwino m'magazi.

Nangondo: Zikomo kwambiri nonse. Mayi anga aang'ono anadwalapo khansa ya m'mawere, ndipo izi sindinawauze adokotala aja. Ndikawafotokozera kaye ndisanasankhe chochita.