Aphunzitsi a kuno ku Joni, mumathandizana bwanji pa ntchito?

Nabanda_Masamu
Moni aphunzitsi anzanga. Pali nkhani ikundisowetsa tulo ndiye ndati ndifunse kuno. Ine ndinaphunzitsa masamu zaka 9 pa CDSS ina kwathu ku Dedza, pano ndili chaka chachiwiri pa sukulu ina ya private kuno ku Johannesburg. Mapepala ndinakonza, ku SAQA, bungwe loona za masatifiketi, anawunika satifiketi yanga, ku SACE, bungwe lolembetsa aphunzitsi, ndinalembetsa, koma ntchitoyi ndikuigwira ngati ndili ndekhandekha kutchire. Kwathu tinkakhala mu staff room kulembera limodzi ma scheme, wina topic ikamuvuta mnzake amati bwera ndikuphunzitsire period imeneyo iwe ukhale kumbuyo uzionera. Kuno belu likangolira aliyense walowa mkalasi mwake watseka chitseko. Term yathayi ana anga a Grade 9 agwa kwambiri algebra ndipo pa meeting funso linali loti madam chachitika ndi chani, chonsecho anawa ndinawalandira asakudziwa ngakhale ma fraction. Sindikuthawa udindo, ndi ana anga ndipo zikundiwawa, koma kodi mwana akalephera mlandu ndi wa mphunzitsi mmodzi yekha? Inu mumatani?

Sir_waku_Turffontein
Madam pepani, zimenezo tinadutsamo. Chimene ndinaona ine ndi ichi, mu CAPS, silabasi ya sukulu za kuno, Senior Phase ndi Grade 7 mpaka 9, koma Grade 7 ili ku pulayimale pomwe 8 ndi 9 zili ku high school, ndiye phase imodzi yagawidwa pa sukulu ziwiri ndipo aphunzitsi ake sakumana nkomwe. Mwana amafika kwa inu ali ndi maenje amene palibe anakuuzani. Ine January aliyense sabata yoyamba ndimapereka kamayeso kakang'ono kongoona pomwe ana ali, zotsatira ndimapita nazo kwa HOD, mkulu wa department yathu, ndi kwa mnzanga wa Grade 8, osati kukaloza munthu chala ayi koma kuti tigwirizane kuti ATP, pulani ya zophunzitsa chaka chonse, ikamatithamangitsa tibwereze pati. Komanso moderation, kuwunika kwa mapepala a mayeso kuja, musamaione ngati kupolisi. Pepala lanu la mayeso musamadikire tsiku lomaliza, mupatseni HOD kudakali nthawi mukhale pansi mukambirane mafunso, ine zambiri za kafunsidwe ka kuno ndinaphunzirira pamenepo.

Mayi_Chisale_Yeoville
Ine ndiyankhule za chitseko chotsekacho. Nditangofika nanenso ndinkadandaula chimodzimodzi, kenako ndinazindikira kuti anzathu ena akationa amaganiza kuti mlendoyu wabwera kudzationetsa kuti amadziwa, ena mwina akuopa za ntchito yawo, ndiye amangokhala chete. Ndinayamba ndine kupempha. Mkalasi mwanga ana ambiri kunyumba amayankhula isiZulu ndi Sesotho, ena French ndi Lingala, ine ndikuphunzitsa Chingelezi, mwana wangoti kakasi osamva. Ndinapita kwa mayi wina wachikulire amene amaphunzitsa isiZulu ndinati mayi ndithandizeni mawu ochepa oti ndizifotokozera ana akasochera, anasangalala zedi, mpaka anabwera kudzakhala mkalasi mwanga period yonse, atatuluka anandiuza mosabisa kuti ndimathamanga poyankhula ndipo ana akumbuyo sandimva. Zinandiwawa tsiku limenelo koma anali kunena zoona. Pano timasinthana, iwo amabwera kwanga ine kwawo, ndipo aphunzitsi ena awiri alowa nawo.

Ndipo madam nkhani ya Grade 9 musaitenge mopepuka, chaka chimenechi ndi chomwe ana amasankha pakati pa Mathematics ndi Maths Literacy ya ku Grade 10, ndiye algebra imeneyo ikutsekera mwana makosi ena ku yunivesite. Imeneyo ndi nkhani ya department yonse ndi makolo omwe, muwauze a HOD choncho.

Achimwene_CosmoCity
Ndikugwirizana nanu koma tisaiwale kuti kwathunso sikuti zonse zinali bwino, makalasi a ana oposa 100, mabuku ochepa, kuthandizana kuja kwina kunali kwa umphawi. Chomwe ndimachisowa ine ndi ma INSET a SMASSE aja, aphunzitsi a masamu ndi sayansi kukumana pa holide kuphunzitsana ndi zipangizo zotola pakhomo, zitsekerero za mabotolo, makatoni. Ku pulayimale anali ndi ma TDC, malo okumanirana aphunzitsi kuphunzitsana, ndi a PEA, alangizi a zamaphunziro. Kuno SACE imafuna ma CPTD points 150 pa zaka zitatu, mapointi osonyeza kuti mphunzitsi akupitiriza kuphunzira za ntchito yake, koma ambiri amangothamangira kusaina register ya workshop basi osatengapo kanthu, ndipo zimandikhumudwitsa chifukwa ana ndi amene amavutika. Vuto lina ndi nthawi, ena tikaweruka timakwera ma taxi awiri, madzulo ma extra lesson kuti rent ikwane ndi kutumiza kangachepe kumudzi. Komabe Loweruka limodzi pa mwezi tingalephere? Aliyense abwere ndi topic imodzi ikumuvuta ndi ma past paper.

Nabanda_Masamu
Zikomo kwambiri nonse, mwandipepuza mtima. Mayi Chisale mawu anu andigwira, zoona ine ndakhala ndikudikira kuti wina agogode kwanga pomwe ineyo sindinagogodepo kwa munthu. Lolemba ndipita kwa sir wa Grade 8 ndi ma script a ana anga tikaone limodzi pomwe akugwera, ndiwapemphenso adzakhale nawo mkalasi ndikamaphunzitsa factorisation. Achimwene za Loweruka zija ine ndilipo, bola pakhale pafupi ndi Park Station kuti onse tifike ndi taxi imodzi. Ndani ali ndi ma memo, mapepala a mayankho a mayeso, a Grade 9 a chaka chatha?