Minofu ya mayi anga yafooka chiyambireni kumwa simvastatin, ndithandizeni nzeru

Moni nonse. Ndikupempha thandizo kwa amene munadutsamo, makamaka anamwino ndi madokotala amene muli muno.

Mayi anga anapatsidwa simvastatin wa 40mg atawapeza ndi mafuta ambiri m'magazi, ndipo amamwanso amlodipine wa BP. Patapita miyezi ingapo anayamba kudandaula ntchafu ndi mapewa, mbali zonse ziwiri. Ife tinkati ndi ukalamba, koma panopa kudzuka pamkeka mpaka agwire khoma, ndipo ndowa yamadzi sangaitukule kufika pamutu. Munthu woti ankalima yekha dimba lonse!

Ndinawerenga kuti womwa amlodipine asamapitirire 20mg ya simvastatin, chifukwa simvastatinyo amachuluka m'thupi n'kuyamba kuwononga minofu. Kuchipatala anawayeza magazi a CK (oonetsa ngati minofu ikuwonongeka), akuti akwera koma impso zili bwino, ndiye awauza asiye kaye simvastatinyo. Mkodzo ndimawafunsa m'mawa uliwonse, sunade ngati tiyi wopanda mkaka. Anatichenjeza kuti ukangotero tithamangire kuchipatala tsiku lomwelo.

Ndiye abale, kwa inu mphamvu zinabwerera patatha nthawi yaitali bwanji? Panthawiyi azingopuma kapena aziyenda pang'onopang'ono? Adokotala anatchula zodzawasinthira ku rosuvastatin wochepa kapena ezetimibe, mankhwala ena otsitsa mafuta m'magazi. Alipo amene anasintha ululu osabwereranso? Nanga ezetimibe amapezeka m'mafamase a ku Lilongwe?

Ena akutikakamiza kugula CoQ10 (mapiritsi omwe ena amati amathandiza minofu), koma ndi wodula, ndipo sindikufuna kutaya ndalama yomwe tingakayezetsere chithokomiro, poti chikafooka nachonso chimawonjezera vutoli. Amene munamwapo, munaona kusintha?