Hita ya m'galimoto sidya mafuta, nanga ya m'nyumba imathera chiyani magetsi?

Dalaivala77:
Akuluakulu, ndigaireniko nzeru. Kukazizira ndikayatsa hita m'galimoto, sindiona mafuta akutha msanga, koma ndikangoyatsa aircon injini imamveka kuti yasenza katundu. Kunyumba zinthu n'zosiyana. Kahita kanga ka mawati 2000 kamamaliza magetsi moopsa, chonsecho pabokosi lake analembapo kuti sikataya mphamvu ngakhale pang'ono. Chowononga n'chiti pamenepa, injini kapena hita?

Makaniko_wakale:
Achimwene, moto umene mumaotha m'galimotomo munalipira kale pothira petulo. Pa malita 10 alionse, atatu okha, mwinanso osakwana, ndi amene amayendetsa matayala. Otsalawo amangosanduka kutentha. Kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizozi, kwina kumatengedwa ndi madzi ozungulira mu injini n'kukatayidwa ku radiyeta. Madziwo amafika cha m'madigiri 90. Kuseri kwa dashboard kuli karadiyeta kena kakang'ono komwe madzi omwewo amadutsamo, ndiye mukatsegula hita, fani imauzira mpweya pa kameneko n'kukufikani kumapazi uli wofunda. Chikudya mphamvu ndi kafani kokhako basi. Mwaonapo kuti m'mawa mukangoliza galimoto hita imapemerera mphepo yozizira? Madzi amakhala asanatenthe. Aircon ili ndi compressor, pampu yopanikiza gasi woziziritsa, yokokedwa ndi lamba wa injini, ameneyo ndiye katundu mumamumvayo.

MayiWaFizikisi:
A Makaniko alongosola bwino. Ine ndionjezere kuti kutayaku si ulesi wa opanga injini. Mu 1824 katswiri wa sayansi Sadi Carnot wa ku France anasonyeza kuti injini iliyonse yoyendera moto siingasandutse kutentha konse kukhala ntchito, kwina kuyenera kutayidwa pamalo ozizirirapo. Akatswiri amangolimbana n'kuchepetsa. Injini ya petulo ya Toyota Prius inafika posandutsa 40 peresenti ya mphamvu ya mafuta kukhala ntchito, ndipo za dizilo zikuluzikulu za sitima zapamadzi zimapitirira 50 pang'ono.

Za pabokosi la hita yanuyo n'zoona, koma n'zoona zonyenga. Waya wa mkatimo akafiira, magetsi onse olowa amasandukadi kutentha. Funso n'lakuti magetsiwo achokera kuti. Ngati apangidwa potentha malasha, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu, kapena kuposerapo pang'ono, ndi limene linasanduka magetsi. Lotsalalo linathera m'chumuni ndi m'madzi oziziritsira makina. Ndiye taonani: tatentha malasha, tataya kutentha kochuluka kuti tipeze magetsi, kenako magetsiwo tikuwabwezanso kukhala kutentha. Ine zimenezi zimandiwawa mtima.

Chanzeru ndi heat pump. Siipanga kutentha, imangokusamutsa, monga imachitira firiji, yomwe mukaigwira kumbuyo mumapeza kukufunda. Iyo imakoka kutentha kwa mumpweya wapanja, ngakhale kukuzizira, n'kukulowetsa m'nyumba. Pa yuniti imodzi ya magetsi mumapeza mayuniti atatu, nthawi zina anayi, a kutentha. Galimoto zambiri zamagetsi zatsopano zili nayo, chifukwa mota yake siitentha mokwanira kuti anthu aothe, ndipo hita ya waya imagwetsa batire msanga.

Nkhwazi_ya_kumpoto:
Zimene galimoto imachitazo mayiko ozizira amachita ndi mzinda wathunthu. Ku Copenhagen, likulu la Denmark, pafupifupi nyumba zonse zimafunda ndi madzi otentha oyenda m'mapaipi apansi panthaka, ndipo ambiri mwa madziwo amatenthetsedwa ndi moto wotsala kumalo opangira magetsi ndi kootchera zinyalala. Akatero, mphamvu yogwiritsidwa ntchito imatha kupitirira 80 peresenti ya mafuta kapena nkhuni zimene atentha. Vuto lake mapaipi ndi odula, ndipo madzi akayenda mtunda wautali amazirala, choncho zimayenda bwino kumene nyumba zili zothithikana.

Dalaivala77:
Zikomo nonse, zamveka. Ndiyetu jenereta yanga ndizingoilizira m'chipinda chosungiramo katundu, chitseko chili chotsekula. Ndipeza magetsi, nyumba n'kufundanso.

Makaniko_wakale:
Ayi achimwene, chonde musayerekeze! Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Alibe fungo, saoneka, ndipo amalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino. Munthu amayamba kumva mutu ndi chizungulire, amagona poganiza kuti watopa, osadzukanso. Kumene amatapa kutentha kwa injini, utsi umadutsa m'paipi yakeyake n'kutuluka panja, chimene chimalowa m'nyumba ndi madzi otentha okha. Jenereta ikhale pabwalo, kutali ndi mawindo ndi zitseko, ekizozi italoza kwina. Ngati m'nyumba mukuzizira, yambani mwatseka mipata ya pansi pa zitseko ndi m'mbali mwa mawindo, kenako muone ngati kudenga kuli chotchinga kutentha, poti mpweya wofunda umakwera m'mwamba. Mukatero, kahita kanuko kazidzizimitsa kokha pafupipafupi ngati kali ndi thermostat, kachipangizo kozimitsa hita m'nyumba mukafunda mokwanira.